Liwu Limodzi M'kalata ya Achimwene

Amayi, kumene mulikoko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Chiuta tilipo. Mvula inagwa bwino, chimanga chadzaza nkhokwe, kungoti mbuzi za a Saide zinatidyera chinangwa mizere iwiri. Ndinabereka mwana wamkazi nthawi yokolola. Chipumi ndi chanu, ndipo akamalira amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mchere ukachuluka m'ndiwo. Bambo maso akuwavuta, koma njinga sakuisiya.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuizengereza. Mwina inu mukuidziwa kale kuposa ine.

Mukukumbukira kope langa la mawu a Chingerezi, lomwe ndinayamba kusukulu ya kukampu ku Malawi? Tikubwerera kuno nkhondo itatha, munalikulunga m'nsalu yanu ya kapulana pamodzi ndi mbewu ya nandolo kuti lisanyowe. Munkati, "Chimene walowetsa m'mutu, msilikali sangakulande panjira." Ndimalembamobe. Ndikamva liwu pawailesi kapena kwa ogula nsomba ochokera ku Malawi, ndimalilemba, tanthauzo pambali. Kuno ophunzira amadziwa Chipwitikizi, choncho pepala lililonse la Chingerezi limabwera kwa ine, ngakhale la mankhwala a mbewu. Ndinayamba kudzimva, Amayi, sindikubisirani.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku esiteti ya fodya ku Malawi komwe achimwene a Paulo anatsalira, aja munapita mukuwayembekezera. Anailemba ndi kalaliki wa kumeneko. Ndinaiwerenga pakhonde, Bambo atatchera khutu. Mawu ambiri anali achilendo, koma patsogolo pa dzina la achimwene panali liwu lomwe ndinkalidziwa bwino, "late". Ndi lomwe aphunzitsi ankatikalipira nalo tikafika belu litalira kale. M'kope mwanga ndinalilemba kuti kuchedwa, basi. Ndinawauza Bambo kuti achimwene akupepesa, achedwa, koma akubwera.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake anayamba kumweta udzu wofolerera kanyumba ka achimwene, tambala wofiira woti adzawaphere n'kuletsa kuti wina asamukhudze. Kwa masabata atatu, shapa, minibasi yathu ija, ikangomveka kumsewu ankaimirira n'kuphimba dzuwa ndi dzanja.

Ine mtima sunakhale pansi, chifukwa mawu enawo ndinangowalumpha. Tsiku lomwe ndinapita ndi mwana kusikelo ku Insaca, ndinapatukira kusukulu kwa pulofesora Ameliya, amene amaphunzitsa Chingerezi. Anaiwerenga kalatayo kawiri, kenako anandikokera mpando. Anatsegula buku lalikulu la matanthauzo n'kundilozera ndi chala. Liwu lija lili ndi matanthauzo angapo. Likaima patsogolo pa dzina la munthu, ndiye kuti malemu.

Achimwene anamwalira ndi chifuwa mvula isanathe. Anawaika komweko.

Ndinakhala pampandopo mwana akuyamwa, misozi osatuluka, ndikungoganiza za udzu wa Bambo. Mayiyo sanandiseke. Anandiuza kuti liwu sulidziwa likakhala lokha, umayenera kuona anzake amene layenda nawo. Tinawerenga mzere ndi mzere mpaka pansi, ndipo kumeneko n'kumene kunali zomwe ndikanaziphonya. Achimwene anasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Esinala. Mayi ake anatsogola kale. Akumusunga ndi akazi a kalalikiyo, ndipo akufunsa ngati kuno kuli abale.

Kuwauza Bambo kunandipweteka kuposa kubereka. Ndinawapeza ali padenga. Ndinadikira kuti atsike, ndinagwada, n'kunena kuti ndinawerenga molakwa. Anapotokola luzi lomwe linali m'manja mwawo. Kenako anati, "Denga ndimaliza ndithu. Mwana wa Paulo asadzapeze nyumba ya bambo wake ikudontha." Sanandidzudzule mpaka lero, ndipo zimenezo n'zimene zimandiliza ndikakhala ndekha kumunda.

Maliro tinakhuza kuno, thupi palibe. Azakhali a ku Amaramba anabwera ndi nsomba zouma, a Saide anapereka imodzi mwa mbuzi zakuba zija.

Kope sindinalitaye, ngakhale ndinafuna. Tsopano liwu lililonse ndimalisiyira mizere itatu, ndipo ndimalemba chiganizo chonse chomwe ndalipezamo. Chimene sindikuchidziwa ndimanena kuti sindikuchidziwa, mwini pepala adikire ndikafunse. Kalata ija tinaiyankha ndi a Ameliya. Ziganizo ziwiri zomaliza ndinalemba ndekha, iwo anangokonza liwu limodzi.

Lachisanu tinyamuka ndi amuna anga kupita ku Malawi, kudzera pachipata cha ku Entre Lagos. Ndasoka kadiresi kongoyerekeza, mwina kakamuthina. Esinala sandidziwa, ndipo akhoza kukandithawa n'kubisala kumbuyo kwa mayi amene akumusungayo. Ndikakhala pansi pabwalo lawo mpaka atandizolowera, kaya masiku angati.

Mukaonana ndi achimwene, muwauze kuti kuno sindibwerera wopanda mwana wawo. Ndidzamulera ngati wa m'mimba mwanga, ndipo tikadzafika ndidzabwera naye pamanda panu kuti mudzamuone.

Ine mwana wanu wokukondani,
Rozalina