Mwaye wa kumene tikukhala

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tikudzuka, koma mdzukulu wanu sali bwino.

Ntchito ndidakali nayo kwa anthu oyeza mpweya aja. Ndimatsuka ziwiya zawo, komanso ndimatumidwa kukachotsa timapepala tosefera mpweya m'makina amene anaika pamadenga m'madera osiyanasiyana. Timapita toyera ngati thonje, pobwera tili bii.

Abwana anga, mayi wofatsa ndithu, anandionetsa zomwe amachita nato. Amawalitsapo timagetsi tamitundumitundu. Akuti mwaye wa malole umameza kuwala konse, kofiira ndi kwa buluu komwe. Wa nkhuni ndi zinyalala umameza kwambiri kwa buluu, kofiira n'kudutsako, ndiye pepalalo limaoneka lofiirira. Potero amadziwa chomwe chapsa osachiona. Atatero ananyamula kapepala kena koda kuposa tonse, n'kunena kuti kudera komwe kachokera kameneko kuli mwaye wamitundu yonse iwiri, ndipo iwo sangalerereko mwana ngakhale nyumba atawapatsa yaulere. Amayi, kapepalako ndinakachotsa ndine padenga la sukulu yoyang'anana ndi khomo lathu. Sakudziwa kuti ndimakhala kumeneko. Ndinangoti inde, n'kubwerera kotsuka mabotolo.

Mwana uja munkamutcha Kaphokoso pano sathamanganso. Akakwera masitepe amakhala pansi kaye, chifuwa chikulira ngati mluzu. Ndikamupukuta mphuno kansalu kamada. Adokotala ati mankhwala angomupepuza chabe, chachikulu achoke mu utsimo. Bambo ake poyamba anakana, amvekere mwana sakulira kwa agogo makolo ali moyo. Mwanayo atakomoka pobwera kusukulu sabata yatha, anandiuza okha kuti ndikulembereni. Kusamuka tonse sitingathe, ntchito yawo yokonza malole ili konkuno.

Pempho langa ndi limodzi. Mutumize achimwene adzamutenge sukulu ikatsekera, akhale nanu mpaka apeze bwino. Musamugoneke pafupi ndi kophikira. Iyeyo ndamuuza kuti akungopita kutchuthi, ndipo wasangalala, walongedza kale nsapato zake. Nanunso mudzamuuze zomwezo mpaka ndidzapeze mphamvu zomuuza zoona ndekha.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, azakhali, ndi ana onse pakhomopo. Apongozi anu akuti moni wambiri.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Make Kaphokoso