Mawu a Bambo Musawadule

Okondedwa achimwene a Sosten,

Muli bwanji ku Zalewako? Mayi ali bwanji ndi mwendo uja? Za bambo sindifunsa, chifukwa yankho lake ndaliloweza: ali bwino, angochokapo. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa ku Jeremani kuno kwandilowa m'mafupa. Musadabwe kuti ndalemba kalata n'kuitumiza pa foni ngati chithunzi. Otitsogolera nyimbo andiletsa kuyankhula, ati ndisunge mawu. Ine Dorica kukhala chete! Muwauze mayi kuti pemphero lawo lija layankhidwa.

Ntchito ija tayamba. Tikujambula misa yaikulu ya m'Chilatini, yopekedwa zaka pafupifupi mazana atatu zapitazo, ndipo eni ake akufuna imveke ndendende monga inkamvekera nthawi imeneyo. Ndiye zoyimbira zonse ndi zamakedzana: malipenga opanda mabatani, zitoliro zamtengo, ndi mavayolini amene nsambo zake, gwirani mtima, ndi matumbo a nkhosa. Achimwene, ndinakula ndikutsuka matumbo a mbuzi pa kanyenya wa bambo. Ndinapita ku yunivesite kuti ndiwathawe, ndakwera ndege, ndipo ndawapeza kuno akundidikirira atavala suti. Bambo atamva zimenezi angaseke mpaka kukhala pansi, kenako n'kufunsa kuti nanga nyama yake anthuwa amapita nayo kuti.

Matumbowo ndi onyada. Kukazizira afooka, tikapumira pafupi afooka, moti theka la tsiku limathera kukunga nsambo ife titaima ngati mapolo a magetsi. Tikujambulira m'tchalitchi cha miyala, ndipo chotenthetsera anazimitsa, ati chimang'ung'udza. M'kachipinda ka kumbuyo mumakhala mkulu wojambula, a Michael, atavala zomvera m'makutu. Mkuluyo amamva chilichonse. Dzana anatiimitsa pakati pa nyimbo ya kuikidwa m'manda kwa Ambuye, ati wina m'mimba mwake mwalira. Ndinali ine. Matumbo a nkhosa yakufa kale akuloledwa kulira pamaso pa anthu, koma anga amoyo ayi. Chilungamo chili kuti?

Zikatero amadula. Chifuwa, mpweya, kulira kwa mpando, zonse amachotsa n'kulumikiza bwinobwino kuti womvera aziyesa anayimba ndi angelo osatsokomola. Ndakhala nawo pafupi masiku ano mpaka makutu anga atengera khalidwe loipali, lomvetsera zimene zachotsedwa.

N'chifukwa chake ndalemba. Chichokereni kwathu, uthenga uliwonse wa mawu umene mumanditumizira bambo amaulowerera. Mwina akunola mpeni uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, mwina akukuwa chapatali kuti mundifunse ngati ndikudya. Mwezi uno zii. Mukuti ali kumsika, ali kutchalitchi, agona. Bambo kugona masana? Ngakhale malole a pa Zalewa sakumvekanso kumbuyo kwanu. Mukumveka ngati muli pakhonde la chinyumba cha simenti, pamene anthu amayankhula motsitsa.

Uthenga wa Lamlungu uja ndinawapatsa a Michael kuti aumvere. Chichewa sachidziwa, musaope za ulemu wa banja. Anaumvera kamodzi n'kunena kuti wojambula uthengawo anaimitsa kawiri, ndipo asanaimitse koyamba pali munthu wamkulu amene anayamba kutsokomola. Anawonjezera kuti ndi ntchito yosalongosoka. Pamenepo ndinakuikirani kumbuyo pang'ono, ndinati inu munaphunzira zaulimi.

Ndikudziwa chimene mukuchitira zimenezi. Munamva kuti andipatsa nyimbo ya Mwanawankhosa wa Mulungu kuti ndiyimbe ndekha Lachinayi, ndiye mwapangana ndi mayi kuti mwana asasokonezeke. Zoona, mwayi wotere subwera kawiri, ndipo pali mtsikana wina amene akundiyang'ana pakhosi ngati khwangwala wa pa kanyenya. Koma nyimboyo ndi yoyenda pang'onopang'ono, yofuna mpweya wautali, ndipo dzulo poyeserera mpweya unandithera panjira. Otitsogolera anaganiza kuti ndi chimfine. Sindinawatsutse. Mukundiphera nyimbo yomwe mukuti mukuiteteza, achimwene.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani pamene agona bambo, muyatse foni, muiike pafupi ndi pakamwa pawo, chala chanucho chikhale kutali. Anene chilichonse, kaya kundiseka za matumbowa. Akafuna kutsokomola, atsokomole. Ngati sangathe kuyankhula, ndimve kupuma kwawo kokha. Zokhala kapena kunyamuka ndisankha ndekha. Anandiphunzitsa kutsegula pakamwa poyimba ndi iwowo, osati Ajeremani.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa alamu anga a Eliness, kwa azakhali a ku Ligowe ndi kwa ana onse. Kwa bambo musapereke, ndipereka ndekha.

Likafika Lachitatu foni ili chete, kapena uthenga ukabwera wosalala ngati misa yathuyi, yankho ndilidziwa. Mwanawankhosa adzayimba wina, ine mudzandichingamire pa siteji ya basi pa Zalewa.

Ndine mlongo wanu wotsekedwa pakamwa koma wamakutu,
Dorica