Kalata yosamukira mpingo

Lolemba, 3 Juni
Basi, ntchito ya ku Lilongwe ndavomera. Ndiyamba pa 17. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili dokotala ndekhandekha pakachipatala kano kuseri kwa Nsaru, tchuthi osachidziwa, Khirisimasi kudyera muwodi. Uko tidzakhala madokotala anayi, osinthana. Wonena anene.

Lachinayi, 6 Juni
Kuofesi asayina mosavuta. Yatsala kalata yosamukira mpingo. Popanda iyo kutauni ndikakhala mlendo, Mgonero osadya. Alembi a mpingo, a Yonasi, akuti, "Sitampu ili kwa abusa, mayi." Abusawo ndakumana nawo pamsika, akuti sitampu ili kwa alembi. Eti.

Lamulungu, 9 Juni
A Yonasi apempherera "ena amene akusiya nkhosa patchire." Tchalitchi chonse maso pa ine. Nyimbo yotsatira ndaimba mokweza kuposa kwaya. Ndakwiya, sindibisa. Ine si mjigo woti aliyense azingopopa mpaka uthyoke.

Lachitatu, 12 Juni
A Yonasi abwera ndi akazi awo, mayi Imelda, odwala shuga. Bala la kuphazi latsegukanso. Ndatsuka, ndamanga. Za kalata sindinafunse. Chaka chatha phazi limeneli likanadulidwa, ndinalimbana nalo miyezi itatu mpaka linapola. Akudziwa kuti wondilowa m'malo sanapezeke, inenso ndikudziwa, ndipo zikundiwawa. Koma kalata si chingwe chomangira mbuzi. Ndipita, andipatse asandipatse.

Lachisanu, 14 Juni
Kulongedza. Mbale ziwiri zasweka.

Loweruka, 15 Juni
Katundu yense ali palole. A Yonasi atulukira panjinga, asolola envulopu m'thumba la jekete, yopindikapindika, yoda ndi thukuta. Sitampu ilipo. Tsiku lake: 6 Juni.

"Ndimati mwina musintha maganizo," atero, maso pansi. "Tsono phazi lija, mundionetseko kamangidwe kake. Ndizimanga ndekha."

Dalaivala akuliza hutala. Ndamuuza adikire, kutauni sikuthawa. Ndatsitsa katoni ya mabandeji, ndakhala pakhonde, ndavula nsapato, ndawapatsa phazi langa. Azengereza, mkulu wa mpingo kugwira phazi la mkazi wa eni, anthu akuona. Kenako agwada.

Amanga mothina kwambiri, zala zanga zachita dzanzi.

"Mukatero magazi sayenda, bambo. Masulani, muyambirenso."