Mawu Awiri Aja

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno ndadzuka, koma nditati ndili bwino ndiye kuti ndakunamiza.

Patha miyezi isanu osandiyankha, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Tsiku limene unandiuza kuti amayi atisiya, ndinakulembera mawu awiri okha: ndamva, mlongo.

Paja umandiseka kuti ndinapita kutali kukalondera firiji. Sunaname kwenikweni. M'chipinda chathu mulibe zenera, muli makina ozizira amene amangolira tsiku lonse. Ntchito yanga ndi kulongedza uthenga pa tinthu ta kuwala tating'ono zedi, kuti uthenga wofuna tinthu khumi ukwane pa tinayi popanda chotayika. Vuto lake, uthenga wamtunduwu sungakoperedwe, ndipo ukangousuzumira uli m'njira, wauwononga. Amene amaona ngati wafika wathunthu ndi wolandira, akaumasula.

Abwana athu amati usachotse chimene wolandira sangathe kubwezeretsa. Mawuwa ndimaphunzitsa ena, koma ine mwini osawamva.

Zaka zonsezi ndinkalemba mwachidule chifukwa amayi ankadziwa kumasula. Ndikangoti ndili bwino, ankaimba foni n'kufunsa kuti wandikhumudwitsa ndani. Tsiku lija ndinaiwala kuti womasulayo ndi amene wapita.

Ndiye lero ndimasule ndekha. Nditawerenga uthenga wako ndinakhala pansi kuseri kwa makina, mpaka mayi wokolopa anandipeza n'kufunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo ndikanabwera kumaliro sakanandilola kubwereranso. Ndinasankha ntchito, mlongo. Manyazi ake ndi amene anandimanga dzanja.

Lamlungu lililonse masana, nthawi imene amayi ankaimba ija, ndimaikabe foni patebulo pafupi ndi mbale yanga. Ndimadya pang'onopang'ono, kenako ndimatsuka mbaleyo.

Ndasungulumwa. Mumzinda muno palibe amene amadziwa dzina limene amayi ankandiitanira ndili mwana. Watsala ndiwe wekha, ndipo ndikuopa kuti nawenso ndakutaya.

Chonde undiyankhe, kaya mondikalipira. Koma usafupikitse ayi. Undiuze amene anawasamala amayi, zimene ankadandaula, ndiponso ngati ananditchula. Ulembe zonse, pakuti ine sindidziwa kumasula ngati iwo.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali.

Ndine mlongo wako,
Wolondera firiji uja