Zikhadabo za Apongozi

Lolemba, 9 Juni

Ndapalamula. Mayo ine, lero ndapalamula.

Ndawenga zikhadabo za apongozi anga aamuna ali m'tulo.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima ukhala pansi. Apongozi anafika Lachisanu ndi gitala yawo. Lamlungu likubwerali akuimba ku holo yaikulu ndi anzawo atatu. Anabwera ndi chifuwa, ndiye mankhwala akumawagonetsa masana. Nditaweruka ku sukulu ya mkaka ndawapeza pa sofa, kukamwa yasa, manja ali pamimba. Maso anga anathamangira pa zala. Ndi matenda a ntchito amenewa: Lolemba lililonse ndimayendera zala za tiana makumi atatu, nelikata imakhala pa makiyi anga. Kuona dzanja lamanzere, zowenga bwinobwino. Lamanja, zitalizitali! Mutu wangawu n'kundiuza kuti akuluwa kumanzere amadziwenga okha, kumanja amalephera, ndipo chimwalirire akazi awo palibe wowathandiza. Ndinamva chisoni, zoonadi. Ndinaganizanso za anthu a Lamlungu: taonani, mpongozi ali naye koma zala ngati za nkhuku.

Keti, keti, keti. Zitatu. Ndikufika pa chala chachikulu anatsegula maso.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, n'kutola tizidutswa pa malaya awo kamodzikamodzi, n'kutiika m'thumba. "Zikomo, mayi." Analowa kuchipinda.

Mwamuna wanga atafika anagwira mutu. "Iwe! Gitala yawo saimba ndi kapulasitiki ngati anyamata a kutchalitchi. Amaimba ndi zikhadabo! Miyezi itatu akuzisamala!"

Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Miyezi isanu ndi iwiri ndili m'banja muno, alipo anandiuza?

Lachiwiri, 10 Juni

Gitala sinatuluke m'chikwama chake lero. Chifikireni inkalira kuyambira m'mawa, mpaka ndinkadandaula chamumtima. Lero nyumba ili zii, ndikumva ngakhale filiji.

Uyu wandifotokozera, mokwiya koma wafotokoza. Anayiwo anayamba kuimba limodzi ali anyamata. Komaliza kukhala pa siteji onse pamodzi ndi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Wina wachokera kunja chifukwa cha tsiku limeneli, wina shuga wamufoola. "Sadzakumananso anayi, ukumva?" Ndamva. Sindine gonthi.

Ndafufuza pa foni kuti chikhadabo chimakula msanga bwanji. Kanthu kochepa pa mwezi wathunthu. Ife tatsala ndi masiku asanu.

Alamu anga aakazi aimba foni. "Alamu, tamva mwatsegula saluni kumeneko?" Ndaseka nawo, koma foni itadulidwa ndatsuka mbale zotsuka kale mpaka kapu imodzi yasweka.

Lachitatu, 11 Juni

Ndachotsa nelikata pa makiyi, ndaitaya mu bini. Patapita ola ndakaitolanso. Yalakwa chiyani nelikata?

Ndawapatsa tiyi apongozi, alandira ndi dzanja lamanzere. Lamanja analibisa pansi pa tebulo.

Lachinayi, 12 Juni

Ndabweretsa mnzanga wa ku saluni ndi bokosi lake la zikhadabo zomata. Apongozi anavomera chifukwa mwana wawo anachita kugwada. Mnzangayo, pakamwa pake paja: "Adadi, tikupakeni mtundu wanji, wofiira?" Palibe anaseka. Ndinamutsina.

Anamata zitatu, anapala, anapukuta. Apongozi anatenga gitala, ine ndili chilili pakhomo la khitchini. Anaimba pang'ono, n'kusiya. Anayesanso.

"Zikumveka ngati ndikugogoda lata."

Kwa ine zimamveka bwino, koma ine ndine yani. Akuti n'zokhuthala, nsambo sakuzimva pa chala. Mnzanga wazichotsa akung'ung'udza, wapita osatsanzika.

Madzulo ndikuanula zovala kuseri ndawamva pa foni, pawindo. "Muimbe atatu, achimwene. Ayi, musanditsutse. Sindingakachititse manyazi gulu." Ndinaima pomwepo ndi mapegi m'kamwa. Ndalira, bodza n'lachiyani. Ndalira ndi mkwiyo womwe, chifukwa munthu sungapepese kwa munthu amene akungokuyankha kuti zikomo.

Kusukulu lero ndakalipira kamwana chifukwa chotaya utoto. Sikanalakwe kanthu.

Lachisanu, 13 Juni

Kwabwera a Ndevu, mkulu wa gulu lawo. Munthu wamfupi, mawu ngati akuitana basi. Asanakhale n'komwe: "Ali kuti dokotala wa zala uja?" Ndinafuna kulowa pansi. Koma anandigwira mkono n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti iwonso akazi awo anawatsekerapo chala pa chitseko cha galimoto, mawa lake kuli konsati, ndipo banja lilipobe.

Anatulutsa m'thumba timipira tiwiri toyera ta tenisi ya patebulo, ndi guluu uja womata nthawi yomweyo. Akuti ndi nzeru yakale ya oimba gitala: umadula kachidutswa ka mpirawo, n'kukalowetsa kunsi kwa chikhadabo chotsalacho, n'kumata, n'kupala. N'kopyapyala ndipo n'kopindika kale ngati chikhadabo.

Ndiye muone madala awiri, magalasi pamphuno, akulimbana ndi kampira ndi sizasi yanga ya kukhitchini! Kampira kakuthawira pansi pa sofa. Chimene adula chikutuluka ngati dzino la ng'ombe. Mpira woyamba unatha wonse osapindula kanthu. Ndinalephera kupirira.

"Pepani, ndiyeseko ine?"

Ndinatenga kasizasi kanga ka kusukulu. Ine tsiku lililonse ndimadula nyenyezi, mwezi, makutu a mphaka, makumi atatu makumi atatu. Ndinayang'ana zala zawo patali, n'kudula zisanu ndi chimodzi. A Ndevu anaziika pachikhatho n'kuimba mluzu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndimate. Apongozi anapereka dzanja lawo kwa mwana wawo.

Chabwino. Ndikanakhala ine ndikanateronso. Koma zandipweteka.

Loweruka, 14 Juni

Gitala yalira tsiku lonse. Kaulendo kamodzi komweko, kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mwina maulendo zana. Akuti aimba!

Koma ine maso anga ali pa chala chapakati. Uyu anathira guluu ngati akumata nsapato, wambiri mbali imodzi, mbali inayo mpweya. Ndamuuza kuchipinda. "Chimatuka chimenechi." Iye: "Iwe wathandiza kale mokwanira." Ha! Tayankhana mpaka ndamuuza kuti malaya a mawa asite yekha. Wawotcha kolala, ndakondwa.

Ndinati sindipita. Ndikakhale bwanji pakati pa anthu odziwa zimene ndinachita? Koma ndikutsegula filiji ndapeza tikiti pachitseko, yopanikizidwa ndi kamaginito. Uyu akuti si iye waika.

Zidutswa zitatu zotsala zija ndaziika m'kabokosi ka machesi. Guluu, kasizasi, chopalira, zonse m'chikwama. Ndatsegula chikwamacho kanayi kuona ngati zilimo.

Lamlungu, 15 Juni

Tangofika kumene kuchokera ku konsati.

Inayamba 3 koloko masana. Holo yodzaza, ena ataima kumbuyo. Pa siteji palibe ng'oma, palibe woimba pakamwa. Mipando inayi basi, ndi timipando ting'onoting'ono toikapo phazi. Analowa madala anayi, wa shuga uja akuyenda ndi ndodo. Ndinati mumtima, awa atha ola limodzi?

Atayamba ndinaiwala kumeza malovu. Sindinkadziwa kuti gitala imatha kutero. Zala sizimaoneka, ngati miyendo ya mwana akamathawa kusamba. Nyimbo imayambira kwa a Ndevu, isanathe wachiwiri wailanda, wachitatu waiponyera kwa apongozi, onse osayang'anana. Pena onse anayi phokoso ngati mvula pa malata, kenako zii, n'kutsala nsambo imodzi yokha ikulira chapansipansi, holo yonse osatsokomola ngakhale mmodzi. Mayi wina pambali panga ankangoti "eee, eee" atagwira pachifuwa. Ndipo apongozi anga, omwe aja ogona pa sofa kukamwa yasa, nkhope yawo inali ya munthu wina, wa zaka makumi atatu. Uyu anandigwira dzanja osadziwa kuti wandigwira.

Nyimbo yachinayi, yothamanga kwambiri, ndinaona kanthu koyera kakuuluka m'kuwala kwa magetsi. Kanakagwera pafupi ndi nsapato ya a Ndevu.

Chapakati! Sindinanene?

Anthu sanaone. Apongozi nkhope osasintha, anapitiriza ndi zala zotsalazo, a Ndevu n'kuwanyamulirako mbali ina. Koma ine ndinamva, pamalo pena mawu ankatuluka ofooka. Masiku awiri ndakhala ndikumva nyimbo imeneyi kudzera pa khoma, ndikuidziwa. Ndipo ndinkadziwa kuti ikatha nthawi yopuma, nyimbo yoyamba amayamba ndi iwo okha.

Anthu akuomba m'manja, kunabwera mayi wovala baji. "Abale a bambo a kumapeto aja ndi ati?" Uyu anadzuka msangamsanga. "Ayi, akuti mayiwo."

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji mizere ya mipando ija, ndaponda anthu angapo. Kuseri kunali kachipinda kotentha, zikwama za magitala pansi, mabotolo a madzi. Apongozi anali pampando, thukuta mpaka m'kolala. Anandiona, n'kutambasula dzanja lamanja. Kwa ine.

"Mayi, tili ndi mphindi khumi. Mwatenga?"

Ndinagwada, ndinatsegula kabokosi ka machesi. Koma manja! Anga akunjenjemera, awonso akunjenjemera, kachidutswa kanagwa kawiri. A Ndevu akuyendayenda kumbuyo kwanga ngati ali ku chipatala cha amayi.

"Tiana tanu tikamachita mantha ndi nelikata mumatani nato?" anafunsa apongozi.

"Ndimatiuza tiyang'ane kudenga, tiwerenge mpaka teni."

Anakweza mutu, n'kuyang'ana kudenga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. "Wani. Thuu. Fili." Madala enawo anaphulika kuseka, inenso ndinaseka misozi ili mbwee, ndipo manja anakhazikika. Kadontho kamodzi ka guluu, osati chithaphwi cha uyu. Ndinapanikiza, ndinapala. Iwo ankandilangiza: "Pendeketsani pang'ono kumanzere. Apo. Basi." Anakoka nsambo imodzi, anamvetsera, anagwedeza mutu.

Sindinabwerere kumpando. Ndinaima kuseri kwa katani, guluu ali m'manja. Anayamba okha, pang'onopang'ono, holo yonse ili chete, ndipo mawu aliwonse anatuluka oyera. Enawo analowa mmodzimmodzi. Ine nyimbo ndinaimva theka, theka ndinkapempherera kachidutswa ka mpira.

Kanagwira mpaka pamapeto. Anthu anaimirira. Wa shuga uja analira poyera, anzake atamugwira m'mapewa.

Lolemba, 16 Juni

Ndachedwa kuntchito, ahedi andiyang'ana ndi diso lija, zilibe kanthu.

M'mawa ndikuthamangathamanga kufuna nsapato, apongozi anali atakhala pa sofa, chikwama chili pakhomo, akudikira uyu awaperekeze ku basi. Ndikutola makiyi anandiitana.

"Mayi, lero si Lolemba kodi?"

"Ndi Lolemba, bambo."

"Nanga ife simutiyendera?"

Dzanja lamanja analiika m'thumba la jekete, mpaka mkati. Lamanzere anatambasula.

"Ili lokha. Chikhadabo chachiwirichi chayamba kugunda pa thabwa la gitala."

Ndaika chikwama pansi, ndakhala pambali pawo, ndatsegula nelikata. Iwo ayang'ana kudenga.