Dziwe Lanu Ndalivundikira

Sidemen, 14 Febuluwale

Okondedwa achemwali Sariani,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Antalya kozizirako. Msana uja unasiya? Kuno tonse tadzuka. Amayi bondo ndi lomwe lija, koma pakamwa ndiye mpamoyo. Alamu anu Murni akupereka moni. Mvula ikugwa bwino, mpunga wabiriwira mpaka kumtsinje.

Mudabwa kuti ndalemba papepala chonsecho timayankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Pafoni ya vidiyo ija mumandiyang'ana m'maso, ndiye mawu amanditsamwa. Achemwali, zithunzi za dziwe losambiramo alendo zomwe ndakhala ndikukutumizirani kuyambira Seputembala nzakale. Pamalopo sipasambanso munthu.

Sindinaiwale kuti dziwe lija ndi thukuta lanu, zaka zinayi mukusisita misana ya anthu kudziko la eni kuti zipinda zathu zogona alendo zisanu ndi chimodzi zizidzaza. Ndipo zinkadzazadi. Koma dziwe limamwa madzi, matawulo ndi nsalu zapabedi nazonso, ndiye pampu ya chitsime chathu chakuya ija inkangolira osapuma.

Chilimwe chathachi chitsime cha amake Rapi, a kuseri kwa mpanda aja, chinauma. Kenako cha a Lodra, kenako zitatu za kumunsi. Murni ndiye anayamba kuwaona amake Rapi akukwera chitunda kuchokera kumtsinje, ndowa pamutu, pamsinkhu wawo uja. Njira yake mukuidziwa, imadutsa m'mbali mwa dziwe. Iwo ankangopereka moni bwinobwino nkumapita. Tsiku lina mlendo amene ankasambira m'dziwemo anawajambula, akuti nzokongola. Murni anabwera kukhitchini akulira.

Ine ndinkati ndi chilala chabe. Koma titapita kukachisi kukadula nsungwi za mwambo, amuna anzanga anandisiyira mphasa yonse ndekha. A Lodra anati ndikhale motakasuka, bwana wa madzi asapanikizike. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Nditawafotokozera amayi, sanandimvere chisoni. Anandifunsa kuti tsiku lawo likadzafika adzawanyamule ndani kupita kowotchera maliro, azungu a makabudula osambira aja? Anati iwo anakwatiwa m'mudzi muno kulibe pampu, ndipo pobadwa inu amene anawatungira madzi mwezi wathunthu ndi amake Rapi omwewo.

Mmawa mwake ndinazimitsa pampu. Madzi a m'dziwe tinawasiya masiku angapo kuti mankhwala auluke, kenako tinathirira minda ya kumunsi. Ndinafuna kukuuzani Lamulungu limenelo, koma munayamba ndinu kunena kuti mwaonetsa anzanu akuntchito chithunzi cha dziwe lanu. Ndinangoti eee.

Zinativuta, sindinama. Alendo ena ankafika, kuyang'ana dzenje louma, nkubweza zikwama m'galimoto. Wina analemba pa intaneti kuti ndife akuba. Okutobala yense tinalandira anthu atatu. Ine ndi Murni tinkadya osayang'anana.

Nzeru inachokera kwa a Lodra omwewo. Anabwera tsiku lina, akuti adzangoona manda a dziwe. Atayendayenda anati munthu wopusa ngati ine sanamuonepo, ndili ndi thanki yaikulu kuposa onse m'mudzi koma ndikuilira maliro. Anabweranso mawa lake ndi amuna asanu ndi awiri. Tinalumikiza mapaipi kuchokera kumadenga onse, pamwamba tinayala matabwa ndi nsungwi. Tsopano mvula yonse ikulowa mmenemo, ndipo alendo amadyera chakudya cham'mawa pamwamba pake.

Madzi osambira ndi ochapira timawadutsitsa m'miyala ndi mumchenga, nkukathera ku nthochi. Nthochizo zanenepa mochititsa manyazi. Mabotolo apulasitiki tinasiya, m'chipinda chilichonse muli mtsuko wa madzi osefa. Matawulo timasintha mlendo akapempha. Amayi poyamba ankati umenewo ndi uve, ndipo ankawaba nkukachapa mobisa. Pano ndi iwo amene amakalipira mlendo akasiya mpope ukutuluka, m'chiyankhulo chathu, mlendoyo nkumangogwedeza mutu.

Alendo ayambanso kubwera, amtundu wina. Amakhalitsa, ena sabata yathunthu. Ofuna kusambira, Rapi amawaperekeza kumtsinje, ndipo amake amatigulitsa ndiwo zamasamba. Sitinafike pomwe tinali, koma mwezi uno zipinda zinayi zili ndi anthu.

Chitsime cha amake Rapi chili ndi madzi ofika m'chiuno. Mwina ndi mvula chabe, tidzaona mu Ogasiti. Ndawauza akumunsi kuti zikadzaumanso, adzatunge m'thanki mwathu, chipata ndachotsa loko.

Tsono achemwali, ndikhululukireni. Osati chifukwa cha pampu, imeneyo ndikanazimitsabe. Ndikhululukireni chifukwa ndinagwira chinthu chanu osakufunsani, nkukunamizani miyezi isanu. Mukafuna kundikalipira, imbani nthawi iliyonse, ndidzamvetsera mpaka mumalize.

Pempho langa ndi limodzi. Ntchito yanu ikatha mu Epulo, musasainenso. Bwerani kunyumba. Inu mahotela mukuwadziwa, ine ndimangophunzirira pa zolakwa. Kachipinda koyang'ana kuphiri kaja sindinaikemo bedi. Murni akuti kangakhale kosisitira alendo, ndi mafuta a kokonati opanga tokha, inu bwana wake. Mwasisita mokwanira misana yopindulira ena.

Mundiperekere moni kwa msuweni wathu Suarti, mumuuze kuti amake alandira mankhwala aja. Amayi amakuikirani nsembe ya maluwa mmawa uliwonse. Mulungu ndi makolo athu akusungeni, akubwezeni kuno muli amphumphu.

Ine mlongo wanu, wodikira foni yanu mwamantha pang'ono,

Nyoman Darsa