Nyimbo Imene Ndinaimbira Jafali

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Nkope tilipo. Sadaka yanu tinachita bwino, mpunga unakwanira. Mkazi wa Jafali wachira, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo kukuwa kwake n'kwanu ndithu. Chinangwa chachita, koma usipa chaka chino wathawa.

Nkhani ndi mlongo wanga Jafali yemweyo. Mukukumbuka bwalo la azungu ku Nkopola, kumene amamenya kampira koyera ndi chibonga n'kumathamanga mozungulira? Kuja wakuda ankalowako atagwira tsache basi? Jafali amakagulitsa chambo kumeneko. Tsiku lina anawaponyera mpira wotayika ali kunyanja, mzungu wina n'kugwira pakamwa. Mkono wopalasa bwato uja! Anamulemba m'timu. Azungu awiri anatulukamo, ati sasewera ndi msodzi. Wina mpaka pano sakhudza chibonga chimene wagwira mwana wanu. Jafali amangoseka.

Loweruka lapitali kunabwera timu ya ku Blantyre. Ife tinaima kunja kwa waya, mudzi wonse. Amayi, Jafali anaumenya mpira uja, pha! mpaka m'madzi. Ndinasangalala mpaka kulira. Ndiye pakamwa panga munkapadandaula paja panatseguka. Ndinayambitsa nyimbo, anzanga n'kuvomera. Koma masiku ano tili ndi nyimbo yanji yotamandira munthu? Zonse zimene timaloweza n'za kumisonkhano ya chipani, zovinira mwini dziko. Ndinachotsa dzina la mkuluyo n'kuikamo la Jafali. Sindinaganize n'komwe. Tinaimba kawiri, kachitatu ndinangoona kuti ndatsala ndekha.

Chiyambire tsikulo palibe wabwera kudzapala moto kwathu. A tcheyamani a chipani akundipatsa moni waulemu wonyanya. Lachiwiri galimoto yopanda nambala inaima pa mkuyu paja, anthu ake osatsika. Dzulo kwabwera uthenga wa chipani: Jafali akaonekere ku Mangochi Lolemba, akanene amene anamuuza kuti iye n'ngoimbiridwa. Azungu ake aja ati za chipani salowerera, ndipo pamalo pake aikapo kale mzungu mnzawo. Mukudziwa kuti Che Bwanali anaitanidwa chomwecho, mpaka lero akazi awo sadziwa ngati ali amasiye.

Jafali akuti ndikhale chete, iye akanena kuti sanamve amene anayambitsa. Ndikuopa, Amayi. Koma munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khanda lija silinawadziwe bambo ake, pamene ana anga ndi akuluakulu.

Lolemba ndidzakwera naye basi, ndipo woyamba kulankhula ndidzakhala ine. Chitenje chanu chobiriwira chija ndachapa, ndidzavala chimenecho. Mukandiona msanga kumeneko musadzandikalipire.

Ndimakukondani kwambiri. Jafali wanu adzabwerera kwa khanda lake, ndalonjeza.

Ine mwana wanu,
Asiyatu